Makina a Achimwene ndi Katundu wa Alendo

Mwezi wa Januwale ndiwo umene telala aliyense wa mu Harare amaudikira monga mlimi adikira mvula yobzalira. Sukulu zikamatsegulidwa, amayi amabwera ndi ana kudzayezetsa madiresi, makabudula ndi malaya, ndipo ndalama zimene zimalowa m'masabata atatu amenewo ndizo zimasunga banja mpaka Pasaka. Pakhonde la kanyumba kena ka lendi ku Waterfalls, chapafupi ndi masitolo a pa Zindoga, pali mkulu wina amene wakhala akuudikira mwezi umenewu kwa zaka pafupifupi 30. Anthu a m'deralo amangowatchula kuti Achimwene, monga mmene Ashona amatchulira mwamuna aliyense amene makolo ake adachokera ku Malawi, ngakhale kuti mkuluyu imvi zidadzaza kale mutu ndipo zidzukulu zawo zina n'zapabanja. Ku Malawiko adapondako kawiri kokha pa moyo wawo wonse: ulendo woyamba kukaona mudzi wa bambo awo ku Ntcheu, wachiwiri kukaperekeza maliro.

Januwale wa 2025 adafika, koma amayi sadabwere monga kale. Chingwe chimene Achimwene amapachikapo zovala zomaliza kusoka chidali ndi madiresi owerengeka. Chifukwa chake sichidali chobisika. M'masitolo ang'onoang'ono a kumunsi kwa mzinda, yunifolomu yosokeratu kunja inkagulitsidwa pa mtengo umene sunkasiyana kwenikweni ndi wa nsalu yokha imene iwo amagula. Chimene chidawabaya mtima koposa n'chakuti mdzukulu wawo wamkazi, amene adakulira m'manja mwawo, adapeza ntchito m'sitolo ina yotere.

"Agogo, Lolemba ndikuyamba ntchito," adatero mtsikanayo madzulo ena atagwada pambali pa makina.

"Kwa yani?"

"Kwa bambo wina wa ku China, m'tauni. Amagulitsa zovala za ana asukulu."

Phazi lidaima pa chopondera. "Ndiye kuti amene akandichotse nsima pakamwa ndi iwe, mwana wanga?"

"Nsima yake iti, agogo? Lendi ya mwezi uno sitidalipire."

Kwa sabata yathunthu awiriwa ankangopatsana moni wa m'mawa. Mkangano wawo sudali wachilendo. Dziko la Zimbabwe lakhala likukangana lokha pa nkhani yomweyi kuyambira pamene lidalandira ufulu mu 1980, ndipo mayankho ake akhala akusintha boma likasintha, nthawi zina ngakhale boma lisadasinthe. Chimene chili chapadera n'chakuti amene ankadandaula za alendo pakhonde paja ndi munthu amene kwa zaka 12 dziko lomwelo lidamulemba kuti ndi mlendo.

Bambo a Achimwene adachoka ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1940. Adadzera ku Tete, nawoloka Zambezi, nakwera magalimoto a Ulere amene boma la Southern Rhodesia lidakhazikitsa kuti azinyamula anthu ofuna ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Adayamba pa famu ya fodya, kenaka adakhala khukhi wa banja lina la Azungu ku Waterfalls komweku, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kukhala ndi nyumba yakeyake m'dera limeneli. Pa ndalama zochepa zimene ankasunga adagula makina a Singer opondera, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ankasokera anzawo a m'komboni ya Harare, imene lero ndi Mbare. Kumeneko n'kumene Achimwene adabadwira, nakula akumva ng'oma za gule wamkulu ndi kuona makolo akusonkha ndalama m'mabungwe a maliro a anthu a kwawo.

Atakula adalowa ntchito m'fakitale ina yosoka zovala. Masiku amenewo ndiwo amawakumbukira ndi kunyada. Ian Smith atalengeza ufulu wa Azungu mu 1965, mayiko ambiri adaleka kuchita malonda ndi Rhodesia, choncho dzikolo lidakakamizika kudzipangira lokha pafupifupi chilichonse. Boma la Robert Mugabe litalowa, lidasunga zitseko zotsekeka kwa zaka zina khumi: wofuna kuitanitsa katundu kunja ankayenera kupempha chilolezo ndi kupatsidwa ndalama zakunja moyeza. Thonje la ku Gokwe linkapotedwa ndi kuwombedwa ku Kadoma ndi ku Chegutu, nsalu n'kusokedwa mu Harare ndi ku Bulawayo, mwana n'kuvala malaya amene sadawolokepo malire. "Zonse zinali zathu," amatero Achimwene.

Mawu akuti "zathu" amenewa ndi ofunika kuwasinkhasinkha. Kampani ya David Whitehead, imene inkawomba nsalu zija, idali m'manja mwa Lonrho ya ku London, monganso mmene idalili nthambi inzake ya ku Blantyre imene Amalawi ambiri amaikumbukira ndi zitenje zake. Nsapato za Bata zimene ana asukulu ankavala zinkapangidwa ku Gweru, koma banja la Bata lidachokera ku dziko la Czech. Mpamba udali wa alendo. Chimene chidali cha anthu a m'dzikomo ndi thonje, manja, malipiro ndi luso. Achimwene sadafunsepo kuti mwini fakitale amagona kuti; ankadziwa kuti malaya asokedwa ndi iwo, ndipo zimenezo zidawakwanira. Pamene lero akuti alendo adawalanda ntchito, kwenikweni akulira mlendo wa mtundu wina amene adachoka, amene ankabwera kudzapanga zinthu, ndi kudandaula za mlendo wa mtundu wina amene adabwera kudzangogulitsa.

Zitseko zidatsegulidwa mu 1991 ndi ndondomeko ya ESAP, imene boma lidagwirizana ndi World Bank ndi IMF. Chaka chotsatira kudagwa chilala choopsa chimene chidawononga thonje, chiwongola dzanja cha ngongole chidakwera, ndipo mafakitale amene kwa zaka 25 sadapikisanepo ndi wina aliyense adapezeka ali pabwalo limodzi ndi a ku Asia. Cone Textiles ya ku Chitungwiza idatseka pakati pa zaka za m'ma 1990, anthu zikwizikwi n'kukhala pakhomo. Fakitale ya Achimwene nayo idatseka. Adatenga makina a malemu bambo awo, nawathira mafuta, nawaika pakhonde.

Pakhondepo adani adabwera motsatizana. Woyamba adali kaunjika, amene kuno amati mabhero, wolowa kudzera ku Mozambique n'kukathera pa msika wa ku Mbare umene dzina lake, Mupedzanhamo, limatanthauza wothetsa mavuto. Dzinalo silidali lachipongwe: mayi wa ana asanu adayamba kuveka banja lonse ndi ndalama imene kale inkagula malaya amodzi. Boma lidaletsa kuitanitsa kaunjika mu 2015, koma mabelo sadaleke kulowa. Wachiwiri adali katundu wotsika mtengo wa ku China, amene adachuluka boma litatembenukira kum'mawa cha m'ma 2003 pamene lidayambana ndi mayiko a Azungu. Anthu adamutcha zhing-zhong, dzina lonyoza, koma ankamunyoza akumugula.

Woyenda pa msewu wa Simon Mazorodze kulowera ku Masvingo, akadutsa pamene padali raundabauti ya Mbudzi, amaona chinyumba chachikulu cha okushoni ya fodya ya Boka. Achimwene amachilozera ndi ulemu. Roger Boka adali mmodzi mwa anthu akuda amene m'zaka za m'ma 1990 ankalankhula mokweza kuti ufulu wa mbendera ulibe phindu ngati mabanki, migodi ndi msika wa fodya zili m'manja mwa Azungu. Sadangolankhula: adamanga okushoni imeneyi, imodzi mwa zikuluzikulu pa dziko lonse pa nthawiyo, ndipo adatsegula banki yakeyake, United Merchant Bank. Bankiyo idagwa mu 1998, ndalama za anthu ndi za makampani ambiri zidalowa m'madzi, ndipo mwini wake adamwalira chaka chotsatira. M'zaka zomwezo Strive Masiyiwa, mbadwa ina ya dzikolo, adatha zaka zisanu akulimbana ndi boma lake lomwe m'makhoti kuti aloledwe kuyambitsa kampani ya mafoni a m'manja. Econet idayamba ntchito mu 1998. Nkhani ziwirizi Achimwene sakonda kuziika pamodzi, chifukwa zimasokoneza chikhulupiriro chawo. Yoyamba ikuonetsa kuti mbadwa nayo ingathe kumwaza chuma cha anzake. Yachiwiri ikuonetsa kuti amene amatsekera mbadwa njira si mlendo nthawi zonse.

Kenaka idafika nthawi imene funso lakuti mlendo ndani lidagogoda pakhomo pawo. Mu 2000, anthu a m'matauni atakana malamulo atsopano amene boma linkafuna, n'kuvotera kwambiri chipani chotsutsa cha MDC, Pulezidenti Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, mawu amene aliyense adamva kuti akuloza ana a Amalawi, a ku Mozambique ndi a ku Zambia. M'mafamu amene ankalandidwa, antchito ambiri a mitundu imeneyi adataya ntchito ndi pogona, ndipo ochepa okha ndiwo adalandirako malo. Mu 2001 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la unzika: aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akakane unzika umenewo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Achimwene sadamvetse kuti akakane chiyani, popeza pasipoti ya Malawi sadaigwirepo. Pa chisankho cha Malichi 2002 adaima pamzere kuyambira mbandakucha, koma adabwezedwa. Chitupa chawo chidawatchula kuti ALIEN.

Mu Meyi 2005 kudabwera Murambatsvina, ntchito yogwetsa nyumba ndi misika imene boma lidati idamangidwa popanda chilolezo. Nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, idapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba, kapena popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Ogwetseredwa ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Mshona adali ndi kumudzi. Mwana wa matchona adalibe. Ena mwa anthu otere adakatulidwa ku Hopley, kumwera kwa Waterfalls, kumene mpaka lero kuli mabanja amene amayankha moni m'Chichewa. Kashedi ka malata kamene Achimwene adamanga pafupi ndi msewu kadagwa nawo m'masiku amenewo. Makina adapulumuka chifukwa adawanyamula usiku pa wilibala.

Tsono pamene lamulo lopereka chuma kwa eni dziko lidasainidwa mu Malichi 2008, munthu angayembekezere kuti Achimwene akadalinyoza. Sadatero. Adaliwombera m'manja. Lamulolo lidati kampani yaikulu iliyonse ya alendo ipereke magawo 51 pa 100 aliwonse kwa eni dziko, ndipo malonda ena, monga kugulitsa m'masitolo ndi kupikulitsa, kumeta ndi kukonza tsitsi, zigayo, kuphika buledi ndi kuyendetsa mabasi ndi matakisi, adasungidwira eni dziko okha. Mwini dziko adafotokozedwa kuti ndi munthu amene tsiku la 18 Epulo 1980 lisadafike ankasalidwa chifukwa cha khungu lake, pamodzi ndi ana ake. Pa muyezo umenewo mwana wa khukhi wa ku Waterfalls adali mwini dziko wathunthu. Pa muyezo wa chitupa cha m'thumba mwake adali mlendo wosaloledwa kuvota. Achimwene ankaseka akamafotokoza zimenezi, koma kuseka kwake kudali kwa munthu amene wapondedwa chala ndi mbale wake.

Sikoyenera kupeputsa mtima umene udabala lamulo limeneli. Dziko limene nthaka yake, golide wake ndi fodya wake zidalemeretsa anthu akunja kwa zaka 90 lili ndi chifukwa chofunsira kuti chatsala kwa ana ake n'chiyani. Vuto lidali pa funso limene lamulolo lidasankha kufunsa. Lidafunsa kuti mwini sitolo ndani, osati kuti malaya a m'sitolomo asokedwa kuti. Kwa telala wa pakhonde, mbadwa imene imaitanitsa makontena a mayunifolomu kuchokera ku Guangzhou siisiyana ndi munthu wa ku China woitanitsa makontena omwewo. Magawo 51 aja sadafike ku Zindoga. M'madera ena a migodi, monga ku Mhondoro-Ngezi kumene Zimplats imakumba platinamu, mudakhazikitsidwa mathumba a chitukuko cha anthu a m'deralo mu 2011, koma ambiri amene adali ndi mpamba kunja adasankha kudikira kapena kupita kwina, pa nthawi imene dziko lidali litangotuluka m'chaka chimene ndalama yake idasanduka mapepala, mpaka kusindikiza ndalama imodzi ya madola 100 thililiyoni. Kumapeto kwa 2013 amalonda a ku Nigeria ndi a ku China adauzidwa kuti atseke masitolo pofika 1 Januwale 2014. Tsikulo lidafika ndi kudutsa, masitolo ali chitsegulire.

Chaka chomwecho cha 2013 malamulo atsopano oyendetsera dziko adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo adachokera m'mayiko a SADC. Achimwene adakasintha chitupa. Atabwera nacho adachiika m'kabati ya makina, pamodzi ndi singano.

Pakhomo pawo nkhani ya malire ili ndi mbali zitatu, ndipo zonse zimadya m'mbale imodzi. Mwana wawo wamkazi, mayi wa mtsikana uja, ndi mmodzi mwa amayi amene amakwera mabasi pa Mbudzi kukapikula katundu ku Musina ndi ku Johannesburg. M'zaka za 2007 ndi 2008, mashelefu a masitolo ali mbee boma litalamula mitengo, chikwama cha mayi ameneyu ndicho chidabweretsa mafuta ophikira, sopo ndi ufa pakhomopo. Mu June 2016 boma lidaletsa kulowetsa katundu wambiri popanda chilolezo, monga chiponde, jamu, madzi a m'mabotolo, mafuta odzola ndi zipangizo zomangira, pofuna kuteteza mafakitale a m'dzikomo. Achimwene adati boma lachita bwino. Mwana wawo adalira, ndipo anzake a pa Beitbridge adachita zionetsero pa 1 July mpaka nyumba yosungiramo katundu ya a msonkho idatenthedwa. Bambo akufuna chipata chitsekedwe, mwana akufuna chitseguke, mdzukulu akulandira malipiro kwa amene adalowera pachipatapo. Palibe mwa atatuwa amene amadana ndi dziko lake.

Emmerson Mnangagwa atalowa m'malo mwa Mugabe mu Novembala 2017, nyimbo idasintha: dziko lidalengezedwa kuti latsegukira amalonda onse. Mu 2018 lamulo la magawo 51 lidatsala pa diamondi ndi platinamu pokha, ndipo pambuyo pake lidachotsedwanso pamenepo. Chaka chomwecho, ku Ardbennie, m'mbali mwa msewu womwe uja wa Simon Mazorodze, kampani ya ku India ya Varun Beverages idatsegula fakitale ya Pepsi. Mtengo wa zakumwa udatsika chifukwa cha mpikisano, ndipo amayi ndi anyamata ambiri adayamba kugulitsa zakumwazo m'timangolo ta m'misewu. Ku Manhize kampani ya ku China idamanga fakitale ya zitsulo imene idayamba kugwira ntchito mu 2024, patapita zaka 16 ng'anjo za Ziscosteel ya boma ku Redcliff zitazima. Akale adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sadanene kuti kalumoko kameta yani. Mabungwe a antchito akhala akudandaula za malipiro ochepa ndi nkhanza m'makampani ena a alendo, ndipo mu 2020 dziko lonse lidakwiya bwana wina wa mgodi wa ku China atawombera antchito ake awiri kufupi ndi Gweru pa nkhani ya malipiro.

Alimi amaidziwa nkhaniyi kuposa anthu a m'tauni. Fodya wa Zimbabwe adatsika kufika pa makilogalamu pafupifupi 48 miliyoni mu 2008. Chimene chidamudzutsa ndi ulimi wa mgwirizano, m'mene kampani imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole n'kudzagula fodyayo, ndipo imodzi mwa makampani akuluakulu otere ndi Tian Ze, ya boma la China. Mu 2023 dziko lidagulitsa makilogalamu 296 miliyoni, ambiri olimidwa ndi alimi ang'onoang'ono. Koma mlimi amene walandira pepala la malonda ake, n'kuona zimene zatsala ngongole itadulidwa, amadziwa kuti mpamba wa mlendo umadza ndi chingwe. Fodyayo amatuluka m'dziko ali masamba, monga mmene thonje lambiri la ku Gokwe, ngakhalenso la ku Chikwawa ndi ku Balaka, limatulukira lisadapotedwe n'kudzabwerako lili malaya. Boma litaletsa kutumiza kunja miyala ya lithiamu yosayenga mu Disembala 2022, lidafunsa funso la Achimwene: osati mwini mgodi ndani, koma ntchito ichitikira kuti.

Kwawo kwa bambo awo nakonso kudayesedwa njira zomwezi. M'zaka za m'ma 1970 Dr Kamuzu Banda adalamula amalonda Achimwenye kuchoka m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono kuti Amalawi atenge malondawo. Ena adatengadi, koma okalamba a m'maboma ambiri amakumbukira mizere ya masitolo imene idakhala yotseka kwa zaka zambiri, chifukwa Mmwenye adachoka ndi mpamba wake, ngongole zake ndi njira zake zopezera katundu. Mu 2012, amalonda a ku Karonga atadandaula za anzawo a ku China, lamulo lidabwezeranso amalonda akunja m'mizinda ikuluikulu. Mu 2023 othawa nkhondo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene adali ndi timasitolo m'makomboni adasonkhanitsidwa n'kubwezedwa ku Dzaleka. Achimwene atamva za Dzaleka pa foni ya mdzukulu wawo adakhala chete nthawi yaitali. Ankadziwa kukwezedwa pa lole ndi katundu wa m'manja kuti kumakhala bwanji.

Ngakhale kutali ku Philippines, dziko la zilumba la ku Asia, anthu adayenda njira imeneyi kale kwambiri. Mu 1954 adaletsa alendo, makamaka a ku China, kuchita malonda a m'masitolo. Pulezidenti Carlos Garcia adalimbikitsa mfundo yakuti mbadwa ya dzikolo ikhale patsogolo pa chuma, ndipo malamulo aakulu a 1987 adati m'magawo ena ofunika mlendo asapitirire magawo 40 pa 100 aliwonse. Amalonda ambiri a ku China adatenga unzika kapena adasiya masitolo n'kulowa m'mafakitale ndi m'mabanki, moti mabanja ena olemera kwambiri a dzikolo lero ndi zidzukulu zawo. Mu 2000 msika wa masitolo udatsegulidwanso kwa alendo. Pa zaka zonsezo anthu mamiliyoni a dzikolo akhala akupita kukagwira ntchito m'mayiko a eni, monga anamwino, amalinyero ndi antchito a m'nyumba, n'kumatumiza ndalama kwawo. Zimbabwe nayo lero imadalira kwambiri ndalama za ana ake a ku South Africa ndi ku Britain, ndipo ku Joniko iwo ndi amene amalozedwa chala kuti akulanda eni dziko ntchito ndi malonda. Mwana wa Achimwene adathawapo kamodzi m'komboni ina ya ku Johannesburg, chikwama chili pamutu, mu Meyi 2008.

Mdzukulu uja sabwera kunyumba ndi nkhani zokoma za ntchito yake. Amaima tsiku lonse, alibe pepala la mgwirizano, ndipo akachedwa amadulidwa. Koma ndi iye amene adagula sola imene imawalitsa khonde magetsi akazima, ndiponso ndi iye amene tsiku lina, mkwiyo utaphwa, adatsegula kabati ya makina n'kuyamba kuwerengera agogo ake zolembedwa pa mapaketi. Singano, zipi, mabatani, lasitiki, ulusi, ngakhale lamba watsopano wa makina a Singer: zonse zidachokera kumene kumachokera mayunifolomu.

"Mukawathamangitsa, agogo, musokera chiyani?"

"Kale tinkapanga tokha."

"Kale ine kunalibe."

Achimwene sadayankhe. Mawa lake adavala jekete n'kupita kukaonana ndi komiti ya makolo ya sukulu ina ya pulayimale ya m'deralo. Adanyamula madiresi awiri, lawo ndi la m'tauni, nawatembenuza kuti makolowo aone msoko. Lawo lidali ndi mpendero waukulu woti mwana akakula n'kuutsitsa, ndi nsalu yotsala m'mbali yoti n'kukulitsa. Linalo lidasokedwa m'mphepete penipeni ndi ulusi umodzi. Makolowo adavomereza kuti diresi la Achimwene lingathe zaka zitatu. Mayi wina adanena mosabisa kuti iye mu Januwale sakhala ndi ndalama ya zaka zitatu, amakhala ndi ya sabata imeneyo. Adagwirizana kuti amene angathe azilipira pang'onopang'ono kuyambira mu Okutobala, ndipo mabanja 14 adalembetsa. Si ambiri, koma Achimwene adagula kabuku katsopano kolembamo mayina awo.

Chakumapeto kwa Malichi mayunifolomu a m'tauni adayamba kung'ambika m'khwapa ndi m'matumba, ndipo amayi omwe aja amene sadabwere mu Januwale adayamba kufika mmodzimmodzi, mwamanyazi, atakulunga madiresi m'mapepala. Achimwene sadawanyoze. Madzulo ena mdzukulu adatsika kombi atasenza thumba lalikulu, nalitula pakhonde.

"Abwana akuti makabudula awa adabwera aatali kwambiri, anthu akuwabweza. Ndawauza kuti ndikudziwa telala."

"Wawauza kuti ndine ndani wako?"

"Ndati ndinu agogo anga. Afunsa ngati muli a kuno. Ndati mudabadwira ku Mbare."

Mkuluyo adatulutsa kabudula mmodzi, namuyang'anitsitsa pa kuwala kwa sola, nakoka msoko ndi zala mpaka udalira. Adapukusa mutu. Kenaka adawerenga onse, napeza kuti alipo 60.

"Ukawauze kuti ndi dola imodzi kabudula aliyense, theka alipiriretu. Ndipo msoko wa pakatiwu ndiubwereza, ngakhale sadanditume. Sindingalole mwana apite kusukulu ndi chinthu chotere chitadutsa pa makina a bambo anga."

Mtsikanayo adalemba mtengowo pa foni. Achimwene adanyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, naupisa pa singano ulendo wachitatu, popeza maso adayamba kuchita chidima, napempha kuti awasendezere nyale pafupi.